Usiku Wachitatu pa Uvuni

Tinaumba mu Meyi, dothi la m'mbali mwa Lutembwe,
njerwa zikwi zisanu ndi zitatu,
ine kuponda matope, Yotamu kuthamanga ndi chikombole.
Lero ndi usiku wachitatu tikusonkha,
ndipo Julaye watsika ku Kanjala ndi mano ake onse.

Ima apa, mlamu, pakamwa pa uvuni.
Moto sunaukhudze, nawo sunakukhudze,
pali mapazi asanu pakati panu,
koma taona nsidze zako zikupiringizika,
zipi ya jekete ikukuluma pachifuwa.
Moto uli ndi dzanja losaoneka,
lodumpha dambo popanda mlatho,
lowongoka ngati kuwala kwa tochi.
Likafika pankhope silikhota kukafuna msana.
N'chifukwa chake tikutembenuzika ngati chimanga chootcha,
kumaso Okutobala, kumbuyo Julaye,
munthu mmodzi, miyezi iwiri.
Ndikaima kutsogolo kwako umati ndichoke.
Kani kutentha nakonso kuli ndi mthunzi.

Chitsulo chokankhira zikunichi
tinadula kubedi lakale la apongozi.
Nsonga yokha ndiyo imalowa m'makala,
koma kutentha kumakwawa m'kati mwake mwakachetechete
monga uthenga wa maliro, khomo ndi khomo,
mpaka kukagogoda kuchigwiriro.
Dzana kunakupeza mtima uli kwa Dailesi ku Katete.
Thuza lili m'dzanja lakolo ndiye mboni.
Lero wakulunga chiguduli. Wachenjera.

Tayang'ana kumwamba.
Nyenyezi za pamwamba pa uvuni zikunjenjemera kuposa zinzake.
Si mantha ayi:
ndi mpweya wotentha, wapepuka, ukukwera,
ndipo wozizira ukuthamanga m'miyendo mwathumu
kukalowa pamene mnzake wachoka,
kuti nawo upse, nawo ukwere.
Mango wa kwa aSakala wafota mbali imodzi.
Mawa kuli mlandu.
Tidzapepesa ndi njerwa makumi asanu.

Nkhunizi anabwera nazo mnyamata wangolo wa ku Msekera.
Mtondo uwu unamwa dzuwa zaka zoposa zako,
usiku uno ukulilavula lonse.
Dzuwa la chaka chomwe ndinakwatira mlongo wako
likutulukira pakamwa pa uvuni wanga.
Phiri lija lameta mpala, ndikudziwa,
ndipo sindiyang'anako kawiri.

Mbandakucha tidzamata makomo ndi matope.
Lawi lidzafa, ife tidzakagwa pamphasa,
koma uvuni suiwala msanga.
Masiku asanu udzakhala ukupuma.
Agalu a mu Mchini adzabwera kudzatsamira,
nkhuku zidzasamba m'phulusa lofunda,
Tisiyenji adzayanika matewera m'mbali mwake,
ana a sukulu adzasanjikapo zikhatho asanawoloke.
Palibe adzafunse kuti nkhuni anagula ndani.
Kutentha sikudziwa mwini wake,
kumangolunjika kumene kwazizira,
kupereka, kupereka,
mpaka wopatsa ndi wopatsidwa atalingana.

Tikadzaphwasula udzaona wekha.
Za m'kati, zogona pafupi ndi makala,
ukazigogoda zidzalira ngwee ngati ndalama.
Za m'mphepete zidzatuluka zotuwa, zosweka m'manja,
moto unazifika utatopa, mphepo itauba m'njira.
Usazinyoze.
Ndi zomwe zinatchinga kuti zinzake zipse.
Tidzamangira khola la mbuzi.

Ndipo nyumba ikadzatha, malata atakhomedwa,
khoma la kumadzulo lidzamwa dzuwa tsiku lonse
n'kulibweza usiku, pang'ono pang'ono,
kwa mwana wogona atalitsamira.
Iye sadzadziwa za thuza lako,
kapena za mango wa aSakala.
Adzangoti nyumba yathu njofunda.

Tambala woyamba uyo, walira kutsidya.
Ponya chikuni china pakhomo lachiwiri, lachita mdima.
Ukatero utembenuke, mlamu,
msana wako wadikira nthawi yaitali.